Tinkasaka mazira a chokoleti, tinakapeza Chuma

Abale anga a kuno ku UK, makamaka inu a ku Nottingham, Mansfield ndi Derby, lero ndilankhulako. Wokwiya akwiye.

Sabata yatha pagulu lathu la amayi la pa WhatsApp ndinaponyapo ganizo loti ana akatsekera sukulu tisonkhane tipite ku Newstead Abbey. Mayankho ake! Wina anati, "Asisi, zimenezo ndi za azungu, ife tikatani kuchinyumba chakalekale?" Wina anati bola kutauni, ana akadye tchipisi tibwereko. Wachitatu, mayi amene ndimawapatsa ulemu chifukwa amawerenga, anati iwo khobidi lawo sangakalisiye panyumba yokonzedwa ndi thukuta la akapolo. Awiri oyambawo ndinangowaseka. Achitatuwa andisowetsa tulo masiku angapo, ndiye ndati ndiwayankhire pano poyera.

Kwa amene simunafikeko, malowa ali pamsewu wa A60, pakati pa Nottingham ndi Mansfield, pafupi ndi Ravenshead. Basi imakutsitsani pageti, koma kuchoka pamenepo kukafika panyumba penipeni pali kamtunda kopitirira kilomita, ndiye ngati muli ndi kamwana musaiwale mbereko. Poyamba inali nyumba ya ansembe, inayamba cha m'ma 1170. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba zoterezi, mu 1540 malowa anapita m'manja mwa banja la a Byron. Khoma lakumaso la tchalitchi likadali chiimire mpaka lero, chizenera chachikulu chopanda galasi, ukasuzumira kuseri kwake n'kupeza kulibe tchalitchi, kuli kapinga basi.

Ine mbiri yonseyi sindinaidziwe tsiku loyamba, ndipo ndisaname, sindinapitire mbiri. Inali nyengo ya Pasaka. Ndinali nditangochoka shifiti ya usiku, maso ali psuu, mzime wanga wa zaka 7 akundikoka jekete kuti anzake onse a m'kalasi akukasaka mazira. Mwambo wake ndi wosavuta: mwana amapatsidwa kapepala ka mafunso, n'kumathamanga m'minda kufunafuna zizindikiro zimene azibisa m'mitengo ndi m'makona, akamaliza alandire chokoleti. Ndinkati ndikakhala pabenchi ndiwodzere. Ndinawodzera kuti? Apikoko amene amayendayenda pamalopo samaopa munthu. Ndangotsekula kontena ya mandasi, chimodzi chafika, khosi lili neng'a, kundiyang'ana ngati ndili nacho ngongole. Mwana wanga wachisamba, amene ali ndi zaka 13 ndipo masiku ano kuseka amaona ngati n'kulipira, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenako tinafika pachipilala china chachikulu kuseri kwa nyumba. Mzime uja anafunsa, "Amama, amenewa ndi manda a mfumu?" Titawerenga, tinapeza kuti ndi manda a galu. Galu! Dzina lake Boatswain, wa mlakatuli Lord Byron, anafa ndi chiwewe mu 1808, mbuye wake n'kumumangira chiliza choposa cha anthu ambiri amene ndikuwadziwa. Ndinaganiza za agalu athu kumudzi, amene akafa timangokokera kutchire. Byron yemweyo ankawetanso chimbalangondo pamalopa. Ana sanakhulupirire mpaka titafufuza pafoni.

Pabenchi ndinakhalapo ndithu pamapeto pake, pafupi ndi bambo wina wachikulire amene ankadikira zidzukulu zake. Atamva tikulankhula chinenero chachilendo anafunsa kwathu. Nditati ku Malawi, nkhope yawo inawala. Anati, ndiye mwabwera kudzaona kumene kunkakhala Livingstone? Ine kukamwa yasa.

Nkhani yake ndi iyi. Mu 1861 nyumbayi inagulidwa ndi William Frederick Webb, mlenje wa nyama zikuluzikulu amene anadziwana ndi David Livingstone kum'mwera kwa Africa. Livingstone atabwerako ku ulendo wake wa ku Zambezi ndi Shire, ulendo womwe uja anaona Nyanja ya Malawi mu 1859, a Webb anamuitana kuti adzakhale nawo. Anakhala ku Newstead kuyambira September 1864 mpaka April 1865 pamodzi ndi mwana wake Agnes, ndipo buku lofotokoza za ulendowo analilembera m'nyumba imeneyi. Tangoganizani. Mathithi a Shire, mapiri a kwathu, midzi yotenthedwa ndi ogula akapolo, zonsezo zinkalembedwa munthu akuyang'ana dziwe la abakha lomwe ana anga ankaponyamo timiyala.

Koma chimene chinandigwira mtima si Livingstone ayi. Madzulo ake ndikufufuza pa intaneti ndinapeza chithunzi chojambulidwa ku Newstead mu 1874. Pali Agnes ndi mchimwene wake Tom, pali m'busa Horace Waller, ndiye pali amuna awiri akuda, ataweramira mapu ndi mabuku. Susi ndi Chuma. Omwe aja tinkawaloweza ku pulayimale ngati dzina limodzi, "Susindichuma", osadziwa n'komwe nkhope zawo.

James Chuma anali Myao. Ali kamnyamata anali m'gulu la anthu amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861, masiku amene Bishopu Mackenzie ankayambitsa mishoni ya ku Magomero. Abdullah Susi anachokera ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, komwe kuli manda a mkazi wa Livingstone. Livingstone atamwalira mu May 1873 kwa Chitambo, ku Zambia ya lero, iwowa ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi n'kuliumitsa, n'kulinyamula wapansi mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja ya mchere. Anafika mu February 1874. Miyezi 9 ali ndi maliro paphewa, kudutsa m'midzi ya eni ake momwe kulowa ndi mtembo wa mlendo kukanatha kuwaphetsa.

Kwathu anthu otere timawatchula adzukulu. Ndipo aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti adzukulu sasewera nawo. Nsima yoyamba ndi yawo, nkhuku ndi yawo, mwini maliro amawalankhula mawu ali pansi. Koma pa 18 April 1874, pamene Livingstone ankaikidwa ku Westminster Abbey, Susi ndi Chuma kunalibe. Mwa onse amene anasenza mtolo uja, amene anafika pamwambowo anali Jacob Wainwright yekha. Awiriwa anabwera maliro atatha kale, ulendo wawo atalipira James Young, mnzake wa Livingstone amene analemera ndi malonda a parafini, ndipo anadzathandiza Waller kulongosola zimene zinali m'mabuku otsiriza a malemuyo, chifukwa masiku omalizawo ankawadziwa ndi iwo. Ndi nthawi imeneyo anafika ku Newstead.

Ulendo wachiwiri ndinapita dala. Ndinaimika ana anga pabwalo, ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa chithunzicho. Ndinati, mnyamata uyu ndi wakwathu, anaponda pano zaka zoposa 150 zapitazo, agogo a agogo anu asanabadwe. Wachisamba uja anatenga foni, anakulitsa nkhope ya Chuma ndi zala, anaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenako anati, "Akufanana ndi amalume." Sakufanana ngakhale pang'ono, koma sindinamutsutse.

Tsopano kwa inu amayi a thukuta la akapolo. Simunaname. Byron atamira m'ngongole anagulitsa malowa mu 1818 kwa mnzake wa kusukulu, Thomas Wildman, pamtengo wopitirira mapaundi 90,000. Chuma cha a Wildman chinkachokera kuminda ya nzimbe ku Jamaica, yolimidwa ndi akapolo, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zinadzutsa nyumba yomwe inali itayamba kugwa. Zipinda zokongola zambiri zimene timajambulitsamo zithunzi lero zinakonzedwa nthawi imeneyo. Zimenezi ndimaziuza ana anga momwe zilili, sindizipaka shuga.

Koma ndikufunseni, mayi anga. Mukakhala kunyumba, mukulanga ndani? Wildman anamwalira mu 1859. Kuyambira 1931, pamene Sir Julien Cahn anaipereka ngati mphatso, nyumbayi ndi ya mzinda wa Nottingham. Khonsolo yomwe ija timailipira council tax mwezi ndi mwezi tikulira. Ndiye ine ndilipire msonkho, anthu akuda anzanga a ku Jamaica akhale kuti analipira ndi misana yawo, Chuma akhale kuti anapondapo, koma ana anga okha ndi amene asaone maluwa ake? Ayi, pamenepo ndakana. Mwana wa neba wanga mzungu amathamanga pakapinga paja ngati pakhomo pa agogo ake. Wanganso azithamanga choncho, ndipo iye ali ndi chifukwa chokulirapo.

Palinso ena, azungu omwe, amene amadandaula kuti malo olemekezeka ngati awa asanduka bwalo la masewero: lero mazira, mawa maungu, mkuja Fada Khirisimasi. Ine ndimati amene amatero sanakhalepo ndi nyumba yodontha. Denga la malata 30 kumudzi limatilizitsa chaka ndi chaka, nanga chinyumba cha zaka mazanamazana, ndi minda ya maekala pafupifupi 300 yofuna kudulira? Byron mwini wake chinamukanika. Nyumba zambirimbiri zotere muno mu England zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1900 eni ake atalephera kuzisamala. Zimene zatsala zimapuma chifukwa cha anthu olowa pageti, ndipo bambo wotopa ndi ntchito sangadzuke Loweruka kukaona mipando yakale. Amadzutsidwa ndi mwana wofuna chokoleti. Ine ndine umboni. Pakanapanda mazira aja, bwenzi mpaka lero ndikudutsa pageti paja pa basi ndikuwodzera, osadziwa kuti mkatimo muli nkhani ya kwathu.

Si zonse zimene ndimazikonda. Za Halowini ine ndi mtima wanga wa Chimvano sitigwirizana. Ana kuvala ngati afiti ndi mizukwa, kwathu kumene ufiti si nthabwala, ayi ndithu, ndipo amene safuna kupititsa ana ake nyengo imeneyo ndimamumvetsa. Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi dzungu. Dzungu lonse lathunthu, lakupsa bwino, kuliboola maso ndi mano, kuikamo kandulo, likaola n'kutaya! Amayi anga atamva pafoni anangoti, "Anthu amenewo njala sanaione." Chaka chatha tinagwirizana ndi ana kuti tikayenda m'nkhalango kuona masamba akusanduka ofiira, tigula dzungu limodzi, iwo ajambule nkhope ndi cholembera pakhungu, mawa lake lilowe mumphika. Nthanga zake ndinakazinga ndi mchere. Aliyense anakhutira.

Chilimwe cha kuno ndiye nthawi yabwino, dzuwa likumalowa 9 koloko itadutsa. M'malo ngati awa mumachitika zisudzo zapabwalo, anthu atabwera ndi mipando yopinda ndi madengu a zakudya. Ife timayala chitenje. Mpunga, nkhuku yokazinga, fulasiki ya tiyi wa Chombe amene wina anabwera naye kuchokera kumudzi. Palibe amene anatiyang'anapo moipa, kupatula mayi wina amene anadzafunsa kumene angagule nsalu yoteroyo.

Khirisimasi ndi ina. Mdima umagwa 4 koloko, kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo ndi nyengo imene ambiri a ife timasowa kwathu koopsa. Ukakumbuka Khirisimasi ya mvula, chimanga chili m'mawondo, mpunga ndi nyama ya mbuzi, zovala zatsopano, ana kuyendayenda m'misewu, misozi imalengeza. Kukhala m'nyumba makatani otseka n'kumaonera mavidiyo a anthu akusangalala ku Mangochi sikuchiza matendawo. Ine ndinaona kuti bola kuvala majekete awiri, kupita kukaona zipinda zakale zitakongoletsedwa ndi mitengo ndi nyali, kuzungulira timatebulo ta ogulitsa zosokasoka ndi zotsekemera, mwana n'kukanong'oneza Fada Khirisimasi zimene akufuna ine ndikutchera khutu kuti ndidziwe ngati thumba likwanitsa. Ana athuwa Khirisimasi yawo ndi imeneyi, ya mdima ndi nyali. Ya mvula ija ndi yathu.

Ndipo tinene zoona, ana athu timawatengera kuti? Kutchalitchi, kumisonkhano ya chisoni wina akamwalira kumudzi, kumaphwando a akuluakulu komwe amakhala pakona ndi foni mpaka pakati pa usiku. Tikapeza tsiku lopuma timathamangira shifiti yowonjezera chifukwa kumudzi akudikira ya feteleza ndi ya fizi. Ndikudziwa, inenso ndimatumiza. Koma mphunzitsi akafunsa Lolemba kuti munatani patchuthi, mwana wako n'kumangoyang'ana pansi, zimaluma.

Ndiye pulogalamu ija ikadalipo. Loweruka loyamba ana akatsekera. Muyambe mwaona pa intaneti masiku amene nyumba yeniyeniyo imatsekulidwa, chifukwa sakhala ofanana ndi a kuminda, komanso zochitika zina zimafuna kugula matikiti nthawi ikadalipo. Valani nsapato zoti zilowe m'matope, osati zija za kuukwati, ndinaphunzira movutikira. Amene muli ndi magalimoto munene malo angati atsala. Amayi a thukuta la akapolo, mpando wakutsogolo m'galimoto mwanga ndakusungirani, mudzawafotokozere ana za Jamaica inuyo, mumazitha kuposa ine. Mandasi ndibweretsa, koma kontena isatsekulidwe pamene pali pikoko.