Lekani kugawana Brufen ngati mtedza, ena ali ndi mphumu

Ana anga a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi ndi Mpondabwino, lero ndiloleni ndikudzudzuleni. Chizolowezi chanu chopisa m'chikwama n'kupatsana mapiritsi chidzatiphera munthu.

Mwezi watha mdzukulu wanga, mayi wa ana awiri yemwe amadwala mphumu, anadandaula dzino. Mnzake anamupatsa Brufen osafunsa kanthu. Ola lisanathe mamina chuchuchu, maso psuu, m'chifuwa muli kulira ngati kamwana ka mphaka. Tinathamangira naye ku Zomba Central usiku, mtima wanga uli m'mwamba. Anapulumuka, koma dokotala atandifotokozera chomwe chinachitika, tulo sindinatione.

Imvani bwino. M'makoma a maselo athu muli mafuta ena otchedwa arachidonic acid. Si a m'botolo okazingira chambo ayi, thupi limawasunga lokha. Fumbi, utsi wa mbaula kapena mungu zikaputa thupi, mafutawa amasanduka amithenga a mitundu iwiri, ma prostaglandin ndi ma leukotriene. Ena mwa ma prostaglandin ndiwo amabweretsa ululu ndi kutupa, n'chifukwa chake asipirini, Brufen, Indocid ndi diclofenac amatseka njira yawo, monga anatulukira katswiri wa sayansi John Vane mu 1971. Koma mukatseka mfuleni umodzi kudimba, madzi amalowera kuti? Amasefukira mu winawo. Kwa anthu ena a mphumu, ma leukotriene amachuluka, ndipo awa ngoopsa: amafinya njira za mpweya mwamphamvu kuposa histamine (mthenga wina wa m'thupi woyambitsa chimfine ndi kuyabwa) kutalitali, amazitupitsa n'kuzidzaza makhololo. Bengt Samuelsson wa ku Sweden, amene anawapatsa dzina loti leukotriene mu 1979, analandira mphoto ya Nobel mu 1982 pamodzi ndi Vane ndi Sune Bergström. Nkhaniyi si yatsopano, ife tokha ndife tikugona.

Si onse a mphumu amene zimawachitikira, koma inu wogawa mankhwala pa mpanda mudziwa bwanji? Makamaka amene mphuno zimakhala zotseka chaka chonse, mpaka fungo la ndiwo samalimva, asayerekeze kumwa mankhwalawa.

Ndipo chimandipweteka kwambiri ndi ichi: munthu akubanika, inu mukumumwetsa Piriton n'kumufunditsa bulangeti kuti agone. Piriton amalimbana ndi histamine yekha, leukotriene samukhudza. Pamenepo mukungotaya nthawi. Mupopereni mkamwa salbutamol, mankhwala a mphumu otsegula njira za mpweya, mumukhazike tsonga, wina athamangire galimoto kapena njinga yamoto. Milomo ikayamba kuda kapena akulephera kumaliza mawu, musadikire kuche.

Nanunso a mphumu, bwanji mumabisa? Mukapita kukachotsa dzino kapena ku famase, nenani msanga kuti muli ndi mphumu, ndipo ngati piritsi lina linakubanikitsanipo, alembe m'buku lanu la kuchipatala. Ambiri Panado amawayanja, komabe funsani adokotala. Alipo mankhwala otchedwa montelukast otsekereza ma leukotriene, koma amenewo akulembereni ndi dokotala, osati mlamu wanu.

Juni wayandikira, chiperoni chitsika m'phirimu, zifuwa ziyamba. Mdzukulu wanga tsopano amayenda ndi kapepala m'chikwama kolembedwa mayina a mankhwala anayi aja.