Mukachotsa munthu ntchito, muuzeni m'chinenero chomwe akumva

Ndakwiya kwabasi. Bambo ena achikulire, alonda a pa ofesi ina kuno kwathu, anawapatsa kalata yoti "you are hereby dismissed". Iwowa dismissed amaimva m'mawa uliwonse pa perete, akulu awo akamawauza kuti akapume. Ndiye anapinda kalata ija n'kupita kwawo, madzulo n'kubweranso atavala yunifolomu. Anawabweza pageti, anyamata akuwaseka.

Mukuseka chiyani? Bambowo sanalakwe. Mphunzitsi akauza ana kuti aziweruka, Azungu amati dismiss. Khoti likataya mlandu, dismiss. Munthu akataya maganizo ako osawamvetsera n'komwe, dismiss yomweyo. Liwuli linachokera ku Chilatini, dimittere, pomwe dis ndi kumwazikana ndipo mittere ndi kutumiza. Kutumiza basi! Mulibemo chilango, mulibemo njala. Muzu wake ndi womwewo wa Misa ya Akatolika, kuchokera pa mawu otsekera mwambo akuti Ite, missa est. Ngakhale Simeoni atanyamula Yesu wakhanda m'Kachisi, pa Luka 2:29, Baibulo la Chilatini limati Nunc dimittis, kutanthauza kuti tsopano Ambuye akumulola kupita mumtendere.

Ndiye liwu loti lingauze munthu kuti apite mumtendere, inu mabwana n'kulisankha pouza bambo wa ana kuti malipiro ake atha? Kumeneko n'kubisala. Mukuopa kunena kuti "takuchotsani ntchito" chifukwa pakamwa pakulemera, ndiye mukuthawira ku Chingerezi. Mwina ndi ulesi wongokopera makalata akale pa kompyuta, kaya. Koma munthu amene wakulonderani usiku, mvula ikugwa, udzudzu ukumuluma, muyenera kumukhazika pampando n'kumuuza maso ndi maso, m'Chichewa, kuti ntchito yatha ndipo chifukwa chake ndi chakuti. Osati azikayenda ndi kalata m'misewu kufuna womuwerengera. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo lamulo la ntchito la dziko la Malawi la 2000, gawo 57, limanena poyera kuti pakhale chifukwa chomveka, komanso ngati mukuti walakwa, mumupatse mpata wodziteteza. Adziteteza bwanji munthu yemwe sakudziwa n'komwe kuti wachotsedwa?

Ndi makontirakiti omwe chimodzimodzi. Masamba asanu a Chingerezi, mlonda mumangomulozera pamzere kuti sainani apa, cholembera mwagwirizira kale m'manja. Tsiku lofuna ndalama zake zopumira ndiye mumatulutsa pepala lomwelo kuti munasaina nokha.