Mwana wanga wamkazi ndi msilikali, ndipo sindifuna kupepesedwa

Pali mawu amene ndakhala ndikuwamva kuno ku Salima chilowereni usilikali mwana wanga wamkazi, ndipo lero ndaganiza zowayankha poyera. Anthu akamva kuti mwanayu ali m'gulu la asilikali a dziko lino, ena amagwira pakamwa n'kunena kuti, "Pepanitu mayi, mwana wamkazi mpaka kumulola ntchito imeneyi?" Ena amafunsa ngati adzapeze banja, pamene akuluakulu ena a pamudzi amadandaula kuti ndataya munthu amene akanandisamalira pa ukalamba. Ambiri amalankhula ndi mtima wabwino, zimenezo ndikudziwa, koma maganizo anga ndi akuti chipepeso chotere n'cholakwika chifukwa chimachepetsa ntchito imene ana athu aakazi akugwirira dziko.

Choona chilimo ndithu m'madandaulo amenewa. Kwa ife Achewa mwana wamkazi ndiye amasunga mudzi. Mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, ana amakulira kwa amayi awo, ndipo munda umene ndikulima ine unali wa amayi anga. Tsono mwana wamkazi akapita kukakhala ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu kapena ku Chilumba ku Karonga, malo amene sasankha yekha koma amangotumizidwako, pakhomo pamatsala mpata umene ndalama yotumiza pa foni singautseke. Pakagwa maliro sangangonyamuka monga achitira ena, ayenera kupempha chilolezo kwa akuluakulu ake, ndipo nthawi zina ntchito siimulola kubwera. Mchimwene wanga, yemwe ndi mwini mbumba, anakana kolimba poyamba, ndipo sindinamuone ngati wolakwa, pakuti iye anakula akudziwa kuti usilikali ndi wa amuna kuyambira nthawi ya Keyala, pamene agogo athu ankatengedwa kukamenya nkhondo za atsamunda kutali ndi kwawo.

Komabe ife a ku Salima sitiyenera kudabwa ndi msilikali wamkazi kuposa anthu a maboma ena. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili konkuno, ndipo gulu la asilikali odumpha m'ndege lili ku Senga Bay. Timawaona ophunzira usilikali akuthamanga ndi kuimba m'mawa, dzuwa la kunyanja kuno likuyamba kuwotcha, ndipo pakati pawo pamakhala atsikana amene atuluka thukuta lofanana ndi la anyamata. Asilikali a dziko lino anayamba kulemba akazi ntchito mu 1999, choncho papita zaka zoposa 20 tsopano, ndipo ena mwa amene analowa nthawi imeneyo ali ndi ana akuluakulu. Amene akufunsabe ngati mkazi angathe, akumbukire ngozi ya ndege ya pa 10 June 2024 m'nkhalango ya Chikangawa, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Mmodzi mwa oyendetsa ndegeyo anali mayi, Major Flora Selemani, ndipo anafera pa ntchito monga anafera anzake aamuna. Nkhani imeneyi inandigwetsa misozi masiku ambiri chifukwa ndinaganizira makolo ake, koma sindinamve munthu ndi mmodzi yemwe akunena kuti utumiki wake unali wochepa chifukwa anali mkazi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi miseche yakuti mtsikana wokhala pakati pa amuna ambiri sangadzisunge. Mawu amenewa amanenedwa motsitsa pachitsime ndi kumsika, koma amafika m'makutu mwa mayi wake. Khalidwe la munthu silichokera ku yunifolomu imene wavala, limachokera kumene anakulira ndi ku mtima wake. Ndipo ngati pa malo ena alionse a ntchito pali mwamuna wofuna kugwiritsa ntchito udindo wake kuvutitsa mkazi, wolakwa ndi mwamunayo. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa mchitidwe umenewu. Tisamasenzetse ana athu manyazi amene si awo.

Kukana chipepeso sikutanthauza kuti ndilibe mantha. Mantha ndili nawo, ndipo ndi aakulu kuposa amene ondipepesawo amaganizira. Kuyambira 2013 dziko lathu linakhala likutumiza asilikali kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo pansi pa bungwe la United Nations, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, ndipo kumeneko kusungitsa mtendere kumatanthauza kulimbana ndi zigawenga zokhala ndi zida. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa m'dera la Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 banja lake linalandira mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu umene bungwelo limapereka kwa wosungitsa mtendere amene waonetsa kulimba mtima kwapadera. Mu January 2025, pamene zigawenga za M23 zinkalanda mzinda wa Goma, tinatayanso asilikali ena. Mayi amene mwana wake ali m'gululi samva nkhani zoterezi monga amvera ena. Wailesi ikangotchula Congo, nsima imakanika kumezeka, ndipo foni ikalira usiku mtima umayamba wagunda dzanja lisanaifike. Ngakhale mwana wako asakhale kumeneko pa nthawiyo, umadziwa kuti dzina lake likhoza kudzatuluka pa ulendo wotsatira, ndipo iye mwini amachilakalaka chifukwa ndiyo ntchito imene anaiphunzira.

Pali mbali ina imene sikambidwa kawirikawiri. Msilikali wamwamuna akapita kutali, ana amatsala ndi mkazi wake ndipo palibe amene amafunsa. Msilikali wamkazi akapita, nthawi zambiri ana amabwera kwa agogo awo. Ine ndalera mdzukulu wanga pamene mayi wake anali kutali ndi ntchito, kupita naye kusikelo, kumugoneka malungo atamugwira, ndiponso kumuyankha akafunsa kuti amayi abwera liti pamene inenso tsiku lake sindikulidziwa. Sindinachite modandaula, popeza mbumba imakhalirapo zimenezi. Koma ndikufuna anthu adziwe kuti kumbuyo kwa msilikali wamkazi aliyense amene ali ndi mwana kuli mayi, mchemwali kapena azakhali amene akusenza gawo la utumiki umenewo mwakachetechete.

Nanga phindu lake n'chiyani kwa ife anthu wamba? Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za anthu ku Chilobwe, komanso kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, asilikali ndi amene anali patsogolo kukumba, kuwolotsa anthu ndi kufikitsa chakudya kumene misewu inaduka. Mayi amene wataya zovala zonse m'madzi, kapena mtsikana amene wachitidwa chipongwe m'dera la nkhondo, amamasuka kulankhula ndi mkazi mnzake kusiyana ndi mwamuna wonyamula mfuti. N'chifukwa chake bungwe la United Nations, kuchokera pa chigamulo nambala 1325 cha mu 2000, limalimbikitsa kuti akazi azikhala nawo pa ntchito za mtendere ndi chitetezo. Ifenso kuno mitsinje ya Linthipe ndi Lifidzi imasefukira, ndipo tsiku lina wotiwolotsa akhoza kudzakhala mwana wamkazi wa mnansi wathu.

Choncho m'malo mondipepesa, ndikupempha zinthu zimene zingatithandize ife makolo. Mukakumana nane, ndifunseni kuti mwana ali bwanji ndipo ntchito ikuyenda bwanji, monga mumafunsira mayi wa namwino kapena wa mphunzitsi, osayamba ndi funso la ukwati. Amayi a mumpingo ndi a kumzikiti, mukadziwa kuti mwana wa mnzanu watumizidwa kunja, mufikeni pakhomo ndi kupemphera naye, pakuti miyezi imeneyo imatalika kwambiri. Ndipo inu achinyamata amene muli ndi mafoni m'manja, chonde musamathamangire kufalitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook mayina kapena zithunzi za asilikali amene mwamva kuti avulala kapena amwalira. Uthenga umodzi wosatsimikizika umalowa m'nyumba mazanamazana nthawi imodzi, ndipo mayi aliyense amene ali ndi mwana kumeneko amayamba kulira maliro asanadziwe kuti ndi a yani. Dikirani kuti akuluakulu a asilikali afike kaye kubanja lokhudzidwa ndi kulengeza okha.