Anyamata okwera m'mitengo posaka, mundimve October asanafike

Ndikulankhula ndi inu ana athu a ku South Bend, Berrien Springs ndi madera ozungulira kuno ku America, amene mwayamba kupita kutchire ndi anzanu a kuntchito kukasaka agwape a whitetail. Kusaka sindikuletsa, inenso ndimasaka. Chandikhumudwitsa ndi vidiyo imene mnyamata wina anandionetsa pafoni Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Ali pamwamba mamita 6, phazi limodzi pa kachitsulo, dzanja lina likujambula, chingwe chake chikulendewera m'chiuno osachimanga kumtengo. Nditamufunsa, anaseka n'kunena kuti, "Ankolo, ife tinakulira m'mitengo ya mango." Usiku umenewo tulo sindinatione.

Mango munkakwera masana dzuwa likuswa mtengo, opanda nsapato, nthambi zili paliponse, thupi lili lopepuka. Kuno mukukwera 5 koloko m'mamawa kuli mdima, chisanu chitagwira khungwa, mutavala majombo ndi majekete atatu, zala zitauma, kumsana kuli chikwama. Mtengo wake ndi thunthu lokhalokha. Munthu akagwa kuchokera mamita 6 amafika pansi pa sekondi imodzi ndi kachidutswa, pa liwiro la pafupifupi makilomita 40 pa ola. Palibe nthawi yoti mugwire kanthu. Akuluakulu anati tsiku lakufa nyani mitengo imaterera, ndiye inu mukuposa nyani?

Saddle imene mukuinyadirayo ndi chipangizo chabwino. Ili ngati thewera lolimba la m'chiuno, mumakhalamo mutatsamira chingwe chomangidwa kumtengo, mapazi ali pa kathandala kakang'ono. John Eberhart wa ku Michigan konkuno wakhala akusaka choncho kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Ubwino wake wonse ndi woti mukhoza kukhala omangirira kumtengo kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kubwereranso. Ophunzitsa za chitetezo cha alenje amabwereza mfundo imodzi chaka ndi chaka: ambiri amagwa pokwera ndi potsika, makamaka pochoka pa makwerero kupita pa thandala. Tsono mukamakangana pa WhatsApp kuti njira yokwerera yabwino ndi iti, musamangowerenga makilogalamu ndi madola. Funsani kuti njira imeneyo imakusiyani osamangirira pa nthawi iti.

Timakwerero tija mumati ma stick, atatu kapena anayi, ndiyo njira imene ndimauza aliyense woyamba kuti atenge. Mumamanga kamodzi, mukwera, mumanga kena, chingwe cha m'chiuno chija amati lineman's rope chitazungulira thunthu nthawi yonse. N'tolemera ponyamula, timagundana n'kuchita phokoso, koma n'totetezeka kuposa njira zina. Ngozi yake ili pawiri. Kakwerero kosakhazikika bwino kamatsetsereka kapena kupotokera kumbali mukapondapo, choncho mukamanga, kakokereni pansi mwamphamvu kalume khungwa musanaikepo thupi lonse. Kwina n'kwa nthambi. Mukafika pa nthambi, chingwe cha m'chiuno sichidutsa, ndipo apa m'pamene aulesi amamasula n'kunena kuti ndi kanthawi kochepa. Mangani kaye chingwe chachiwiri pamwamba pa nthambiyo, kenako mumasule choyambacho. Zinandichitikira ine zaka zapitazo m'mawa wina wa November: kakwerero kachitatu kanapotoka, mapazi onse awiri anali m'malere, nthiti zinagunda thunthu. Ndinapweteka milungu iwiri, koma chingwe chinali chomanga ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ndekha.

Ambiri mwa inu mukuwonjezera malamba opondapo pansi pa makwerero, ma aider aja, kuti mufike patali ndi zitsulo zochepa. Lamba wa sitepe imodzi kapena ziwiri ndimamvetsa. Koma wa masitepe anayi kapena asanu amagwedezeka ngati katungwe, ndipo potsika mumdima phazi limafufuza pamene maso sakuona. Jombo ikakodwa m'lambamo inu n'kupendekera chagada, mulendewera mutu pansi.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi ichi chatchuka pa YouTube, chokwera ndi kakwerero kamodzi kokha. Mumaimapo, mukweza chingwe chapamwamba, mulendewera pa saddle, muwerama kutola kakwerero kaja, mukamanga pamwamba, mukweranso. Kupepuka kwake n'koona, sindikana. Koma nthawi iliyonse imene mukukwera kupita pamwamba pa kakwereroko, chingwe chanu chimakhwepa, ndipo zingwe zimenezi sizitamuka. Kugwa ngakhale mita imodzi pa chingwe chosatamuka kumakantha msana ndi chiuno koopsa, ndipo kachitsulo kogwira chingwe kakhoza kusenda chikopa cha chingwecho. Kwezani chingwe pa sitepe iliyonse, chisakhwepe. Ndiye ganizirani kakwerero kanu kamodziko katapulumuka m'manja n'kugwera pansi inu muli mamita 5. Ngati mulibe chingwe chachitali chotsikira ndi luso lake, mutsika bwanji? Kulendewera nthawi yaitali osapondapo kanthu kumatsekereza magazi m'miyendo, munthu n'kukomoka ali pomwepo. Ndipo amene mumatsika ndi chingwe, mangani mfundo kumapeto kwake. Munthu wotsika mumdima saona kuti chingwe chatha.

Njira ya chingwe chokha, imene alenje anatengera kwa akatswiri odula mitengo ndipo amaitcha SRT, ndimailemekeza. Mumaponya kachingwe kopyapyala kokhala ndi kathumba kolemera pa mphanda ya mtengo, mukokerapo chingwe chachikulu, n'kukwera nacho. Simumasuka ngakhale kamodzi, ndipo njira yotsikira ili kale m'manja. Koma moyo wanu wonse mwaupachika pa nthambi imene mwaiona muli pansi, mwina ndi tochi. Muyenera kuidziwa mitengo ya kuno. Kachilombo ka emerald ash borer kanapezeka cha ku Detroit mu 2002 ndipo kapha mitengo ya ash mamiliyoni ambirimbiri. Yambiri idakaimabe m'nkhalango zathuzi, youma ndi yofumbwa. Mu November masamba atayoyoka, wamoyo ndi wakufa amaoneka ofanana kwa munthu wosazolowera. Kasankheni mitengo yanu mu August kapena September masamba akadalipo, masana. Chingwe chidutse pamene nthambi yakumana ndi thunthu, ndipo musanakwere lendewerani nacho muli pafupi ndi nthaka, muchigwedeze ndi thupi lonse.

Za zitsulo zoboola mtengo, masitepe opotokola ngati sikuluu ndi minga yomanga kumiyendo, sinditaya nthawi. Pa malo aboma ku Michigan masitepe obooleza n'ngoletsedwa ndi DNR, nthambi ya boma yoyang'anira zachilengedwe, ndipo pa malo a mwini muyenera kupempha kaye. Munthu ukaterereka, zitsulo zotulukira m'thunthuzo zimang'amba mimba ndi ntchafu.

China chimene chimandipsetsa mtima n'kuumira pa zida. Muli ndi foni ya madola 1,000 koma chingwe mwagula chomangira katundu ku sitolo ya zomangira nyumba, ndi kangowe kopachikira makiyi kolembedwa poyera kuti si kokwerera. Kangowe kenikeni kamakhala ndi loko ndipo mphamvu yake imadindidwa pachitsulo pomwepo, kawirikawiri 20 kN kapena kuposa (kN ndi muyeso wa mphamvu imene chitsulocho chingapirire). Mfundo ya Prusik, yokulunga kachingwe pa chingwe chachikulu kuti kagwire mukakatsamira, imene Karl Prusik wa ku Austria anaidziwitsa anthu mu 1931, imagwira bwino kachingwe kake kakakhala kocheperapo kuposa chingwe chachikulu. Ikanyowa kapena kuuma ndi chisanu ikhoza kutsetsereka, ndiye muziiyesa tsiku lililonse musananyamuke pansi. Uta kapena mfuti musakwere nazo. Zisiyeni pansi, mfuti yopanda chipolopolo, muzikoke ndi chingwe mutakhazikika kale. Akunyumba muziwauza malo enieni amene muli ndi ola lobwerera, foni ikhale m'thumba la pachifuwa, osati m'chikwama chimene chingatsale pamwamba inu muli pansi.

Tonse tinasonkhapo ndalama zotumiza maliro kwathu, ndipo mukudziwa mmene foni yopita kwa mayi ake a munthu imalemerera. Sindikufuna kuimba foni yotero chifukwa cha gwape.

Nyengo yosaka ndi uta ikutsegulidwa pa 1 October ku Michigan ndi ku Indiana. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mtengo wa maple wamoyo. Loweruka lililonse la September, 9 koloko m'mawa, bwerani ndi zida zanu zonse. Tiyambira mita imodzi kuchokera pansi, mutavala majombo ndi magolovesi amene mudzavale kutchire. Iwe wa vidiyo uja, ubwere ndi chingwe chako ndichione.