Chenjezo kwa makomiti a ukwati: tisadye matenda m'timapaketi tomanga riboni

Inu amayi a m'makomiti a ukwati, apongozi, azakhali, ankhoswe, ndi inu atsikana amene mumachezera kukhitchini usiku wa Lachisanu, tcherani khutu. Chikololereni anthu mpaka mvula idzagwe, Loweruka lililonse ndi nthungululu ndi mahutala a galimoto. Nyengo yomweyi ndi imene dzuwa limaswa mtengo. Okutobala wa ku Nsanje, ku Salima kapena ku Karonga sasewera naye, ndipo ngakhale ku Lilongwe komwe anthu amagona mawindo ali pululu. Mwezi umene chakudya chimawonongeka msanga kuposa miyezi yonse ndi umene mumaphikira anthu 300 ndi manja a anthu asanu, pa mbaula ziwiri.

Kudziphikira nokha sindikudana nako ayi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tikudziwa mmene fulawa, shuga ndi mafuta ophikira zikuwawira. Banja limene lasankha kukazinga lokha mandasi, mbuliwuli ndi mtedza, n'kumanga timphatso ta alendo ndi manja awo m'malo mokatenga katapila, lachita zanzeru, ndipo ine ndimaliwombera m'manja. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi malo amene mumachepetsa ndalamazo. Riboni wa golide mumagula. Timapepala ta mayina a akwati mumasindikizitsa m'tauni. Koma sopo wosambira m'manja, mankhwala othira m'madzi ndi mtedza wabwino ndi zimene mumati n'zodula. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiyambe ndi mtedza, chifukwa ndi umene umadzaza timapaketi tambiri. Mumatuma mwana kumsika n'kumuuza kuti akagule wotchipa, poti ukakazingidwa ndi mchere palibe adziwe. Wotchipawo ndi uti? Ndi wotsalira pamene anzanu asankha kale: wonyala, wosweka, wofumbwa, wakuda m'kati, wina wonunkha chinyezi. Ena ogulitsa amawaza madzi pa makoko kuti mtedza usavute kuswa, n'kuulongeza m'thumba usanaume. Mmenemo ndi mmene mumamera chuku, ndipo chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Mvetsetsani apa, chifukwa ambiri ndi pamene mumadzinamiza: moto wa chiwaya supha poizoni ameneyu. Mukazinge mpaka mtedza ufiire, iye ali momwemo. Samveka kukamwa nthawi zonse, ndipo sagwetsa munthu tsiku lomwelo. Amadya chiwindi pang'onopang'ono, amathandizira khansa ya chiwindi makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a hepatitis B, ndipo ana omudya kawirikawiri amapinimbira. Akachuluka amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 adamwalira atadya chimanga cha chuku. Tsono mtedza umene inu simungapatse mdzukulu wanu, mukuupatsiranji mdzukulu wa mnzanu? Gulani wochepa koma wabwino, kaya ndi Chalimbana kaya CG7, muuthire m'lichero masana kukuwala, musankhe njere imodziimodzi. Woipa umene mwachotsawo musasinje kuti mutendere ndiwo za ophika, komanso musapatse nkhuku. Ukwirireni.

Ndiye pali kalongedwe. Ndaona ndi maso angawa mayi wovala chitenje cha yunifomu ya ukwati, waulemu wake, akunyambita chala kuti atsegule kajumbo, kakakana n'kukauzira ndi pakamwa, kenako n'kuponyamo mbuliwuli. Timajumbo mazanamazana, mpweya wa munthu mmodzi, mwina ali ndi chifuwa. Pambali pake mtsikana wa zikhadabo zoikirira akutapa mtedza ndi dzanja, foni ikalira ayankha, mwana akalira amusintha thewera, n'kubwerera pa beseni osasamba. Kodi supuni kapena kapu yotapira inatha m'nyumbamo? Pa khungu lathu, m'mphuno ndi pa zilonda pamakhala tizilombo timene tikalowa m'chakudya n'kupeza kutentha timaswana n'kusiya poizoni, ndipo poizoniyo ngakhale mutenthetsenso chakudyacho sachoka. Munthu wa chilonda pa chala, wa chimfine kapena amene watsekula m'mimba sabata imeneyo asakhudze za alendo, ngakhale akhale mayi wake wa mkwatibwi. Mpatseni ntchito ya maluwa.

Mapini otsekera mapepala aja lekani kutsekera timapaketi ta zakudya. Mwana amang'amba ndi mano. Kukulunga mandasi otentha m'nyuzipepala nakonso siyani, inki ija si ndiwo. Za majumbo opyapyala, boma lidawaletsa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana nalo mu 2019, koma holo iliyonse Lamlungu m'mawa imadzuka itazunguliridwa ndi majumbo, mbuzi zikutafuna. Timatumba ta pepala loyera, kapena tinsalu totsala kwa telala tochapidwa bwino, n'tokongola kuposa pamenepo.

Mlandu waukulu koposa ndi wa nthawi. Popeza manja ndi ochepa, mumayamba kukazinga Lachitatu. Samusa wa nyama wa Lachinayi, nkhuku za Lachisanu masana, mpunga wa Kilombero wophika tambala woyamba asanalire, zonse muvundikira m'mabeseni zikadali zotentha, muika m'chipinda chotseka, n'kudzagawa Loweruka dzuwa litapendeka, perekaniperekani atatha. Werengani nokha maola amenewo. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Chizikhala chotentha kupyola madigiri 60, apo ayi chozizira kutsika pa madigiri 5. Pakati pamenepo ndi pamene tizilombo timaswana, ndipo beseni lovundikira m'chipinda cha malata mu Okutobala lili pakati penipeni.

Mpunga ndiwo umanyenga anthu kwambiri, poti umaoneka wosalakwa. Mu mpunga wosaphika mumakhala mbewu za tizilombo zimene sizifa ndi kuwira. Mpunga ukakhalitsa uli wofunda, zimadzuka n'kutulutsa poizoni wosanzitsa, ndipo pakangotha maola ochepa mlendo wanu ali kuseri kwa nyumba. Kuutenthetsa sikuthandiza. Musamati "taununkhiza, uli bwinobwino." Mphuno imagwira chakudya chosasa, koma chakudya chimene chimagoneka anthu m'chipatala nthawi zambiri chimanunkhira bwino lomwe.

Wina ati, "Agogo, ife tili ndi furiji." Furiji ya banja la anthu asanu mwaidzaza nkhuku 40 mpaka chitseko chikuchita kumangidwa ndi lamba, mphepo yozizira idutsa pati? Nanga magetsi akazima usiku wonse? Nyama yosungunuka, yochucha magazi pa saladi wa kabichi wothira mayonezi, m'mawa magetsi abwera, yaumanso, inu n'kumati zili bwino. Sizili bwino. Ndipo thabwa ndi mpeni zimene mwadulira nkhuku yaiwisi si zodulira tomato ndi anyezi wa saladi musanazitsuke ndi sopo.

Pa zakumwa ndilankhula mokweza mawu, chifukwa maliro ake tidawalira posachedwapa. Kolera amene adayamba ku Machinga mu Malichi 2022 adafika m'maboma onse, adapha anthu opitirira 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi wa Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyeyo. Mwaiwala kale? Thobwa lophika bwino n'kusungidwa movundikira silivuta. Vuto limabwera Loweruka m'mawa, mukaona kuti anthu achuluka, wina n'kunena kuti "tangowonjezerani madzi," madzi ake a m'mgolo umene aliyense wakhala akuviikamo kapu. Chimodzimodzi Sobo wosungunula, juwisi wa malambe kapena wa bwemba, ndi mafirizi a ana. Kuumitsa madzi m'furiji si kuwaphika, tizilombo tambiri timangogona n'kudzadzuka. Madzi alionse olowa m'chakumwa awiritsidwe, kapena athiridwe WaterGuard kapena klorini pa mlingo wolembedwa, n'kudikira mphindi 30. Chikho chotungira chikhale cha mpini wautali, wotunga akhale mmodzi. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse, madzi mpaka kuoneka ngati msuzi, limenelo lithe. Thiriranani ndi jagi, sopo ali pomwepo.

Onaninso ziwiya zimene mumabwereka. Chidebe chimene bambo amasungunuliramo mankhwala opopera thonje kapena tomato si chofululiramo thobwa, ngakhale muchitsuke ndi phulusa kangati. Thumba la feteleza si losungiramo mandasi. M'chipinda mmene mwaika zophikazo muonetsetse kuti mulibe mankhwala a makoswe kapena a anankafumbwe. Izi zimamveka zachibwana kuzitchula, koma pa chipwirikiti cha ukwati munthu amangotola chimene chili pafupi.

Mafuta nawo. Botolo limodzi lakazinga zigege, lakazinga nsomba, lakazinga nkhuku, tsopano lada bii, likufuka utsi ndi kuchita thovu, inu mukuti likwanitse mandasi. Alendo adzamva nsomba m'mandasi, chifuwa chidzawaotcha, ndipo dzina limene adzatchule pobwerera ndi la banja lanu. Chiwaya cha mafuta owira chisakhale pansi pamene ana akuthamanga usiku, ndipo mbaula ya makala musalowe nayo m'nyumba yotseka mawindo poopa kuti aneba aona zimene mukuphika. Mpweya wakupha wa makala sununkha, umangogonetsa anthu osadzukanso. Mafuta akagwira moto musathire madzi, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Pogawa timphatso, kamwana kosakwana zaka zinayi kapena zisanu musakapatse mtedza, mbuliwuli kapena maswiti olimba m'manja. Zimatsamwitsa, ndipo pa phokoso la DJ palibe angamve kuti mwana akubanika. Mpatseni mayi wake.

Muzu wa zonsezi ndi mpikisano. Mwaona pa Facebook ukwati wa mwana wa uje, tebulo lodzaza mitundu khumi ya zokometsera, nanunso mufuna mitundu khumi ndi ndalama ya mitundu itatu. Pa gulu la WhatsApp la komiti mumakangana sabata yathunthu za mtundu wa nsalu, koma sindinamvepo komiti itasankha munthu woyang'anira madzi ndi sopo. Anzanu a pa Facebook ajawo adalemba ntchito anthu okhala ndi mafuriji aakulu ndi ziwiya zosunga kutentha. Inu mulibe, ndipo si chamanyazi. Makolo athu adakwatitsa ana ndi thobwa, nsima ndi mbuzi yophedwa m'mawa womwewo, anthu n'kuvina mpaka fumbi koboo.

Ngati thumba ndi lopereweza, pangani zouma: mbuliwuli, mtedza wosankha bwino, mabisiketi ophika nokha. Zimenezi mungathe kukonzeratu masiku angapo, bola zizizire kaye musanatseke m'paketi, chifukwa thukuta la m'jumbo ndi limene limabweretsa nkhungu. Mandasi ndi zitumbuwa zikazingidwe Lachisanu madzulo kapena Loweruka m'bandakucha. Chilichonse cha nyama, mazira, mkaka kapena mpunga chiphikidwe tsiku lomwelo, pafupi ndi malo a madyerero, ndipo chichoke pamoto n'kupita m'mbale. Mukapanda kukwanitsa zimenezo, chichotseni pa mndandanda. Kamphatso ka mlendo sikayeneranso kukhala kodyedwa: kampango, kasopo, kamtengo kodzala ka mango kapena ka mapeyala, palibe adadwalapo nazo. Ndipo inu a MC, musamatalikitse perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa chakudya chikudikira m'mabeseni. Anthu adye kaye, ndalama aponya ali okhuta. Ankhoswe, udindo wanu suthera pa kulandira nkhuku pa chinkhoswe. Lowani kukhitchini Lachisanu mufunse kuti madzi achokera kuti ndipo nkhuku zagona pati. Akakuyankhani mwamwano, ndi bwino mudane nawo usiku umodzi.

Zotsala za nyama ndi mpunga zimene zakhala pa tebulo tsiku lonse musalongezere agogo ochokera kumudzi kuti akadye mawa atayenda pa minibasi yotentha. Okalamba, ana ang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala ndi amene amagwa msanga.

Zikachitika kuti alendo ayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba ukwati utatha, musabise poopa manyazi, ndipo musayambe zoti akuchimuna atilodza kapena azakhali aja anali ndi nsanje. Maukwati ena amayamba ndi udani wa mabanja awiri chifukwa cha beseni la mpunga. Lembani pa gulu lomwe lija la WhatsApp kuti aliyense amene adatenga paketi asadye, ndipo amene akudwala adziwike. Wodwala amwe Thanzi ORS pafupipafupi. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena muli magazi, kapena munthu wafooka, maso alowa m'kati, sakukodza, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, njinga yamoto kapena ya kabaza, mupite naye kuchipatala usiku womwewo, ndipo mukawauze adokotala kuti adadya kuti ndiponso kuti adadya ndi anthu angati.