Rodriguez sankangotengera Dylan ayi

Alembi, mwalemba bwino za Sixto Rodriguez, woimba wa ku America, koma pomwe mwati ankangotengera woimba mnzake wotchuka Bob Dylan ndiye sindikugwirizana nanu. Inde, onse awiri ankaimba ndi gitala n'kumadzudzula akuluakulu, koma Rodriguez ankaimba zomwe ankaziona ndi maso m'misewu ya mumzinda wa Detroit, komwe anabadwira mu 1942 kwa makolo ochokera ku Mexico: ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, umphawi, andale abodza. Mawu ake ndi ouma, sanyengerera munthu, ndipo fungo la blues, nyimbo zodandaula za anthu akuda a ku America, limamveka ngakhale pomwe aikapo mavayolini.

Chimbale chake cha Cold Fact cha 1970 ndi chinzake cha 1971 sizinayende malonda kwawo, mpaka mkuluyu anabwerera ku maganyu ogumula ndi kukonza nyumba. Nthawi yonseyo ku South Africa achinyamata achizungu otopa ndi boma la tsankho ankazikonda zedi, ena n'kumafalitsa mphekesera zoti anamwalira kalekale. Anakaimbako mu 1998, maholo atadzaza thothotho.

Chomwe mwadumpha, chimene chimandiwawa ine, n'choti ndalama za zimbale zomwe zinkagulidwa kumenekozo sizinkamufika kwa zaka zambiri. Mukadzalembanso mutiuze kuti zinkathera m'thumba la yani.