Rivian R2: manambala atatu aja si a galimoto imodzi

Abale okonda magalimoto, nkhani ya Rivian R2 ikundidetsa nkhawa. Iyi ndi galimoto yamagetsi imene kampani ya Rivian inanena kuti iyamba kupanga mu 2026 ku fakitale yake ya ku Normal, Illinois, ku America.

Chiyambire pamene RJ Scaringe, mkulu wa Rivian, anaionetsa mu Malichi 2024, anthu akungobwereza manambala atatu: madola 45,000, makilomita opitirira 480 ikatchajidwa kamodzi, komanso kufika liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola masekondi atatu asanakwane. Kumva choncho, ndani sangakopeke? Koma 45,000 ndi mtengo woyambira chabe. Malinga ndi zimene Rivian inanena mu 2024, makilomita 480 aja ndi a batire lalikulu, ndipo liwirolo ndi la R2 ya mamota atatu. Wofuna zonsezi pamodzi akonzekere kupisa m'thumba kwambiri.

Zoterezi tinazionapo. Mu 2019 Elon Musk, mkulu wa kampani ya Tesla, ananena kuti galimoto yawo ya Cybertruck iyambira pa madola 39,900, koma itatuluka kumapeto kwa 2023, yotchipa kwambiri anaiika pa 60,990.

Komanso anzake a R2 sanagone. Boma la America litathetsa thandizo la msonkho la madola 7,500 kwa ogula magalimoto amagetsi pa 30 Seputembala 2025, makampani anayamba kutsitsa mitengo kuti ogula asathawe. Tesla inatulutsa Model Y ya madola 39,990 yoyenda makilomita pafupifupi 515. Hyundai inadula mtengo wa Ioniq 5 mpaka kuyambira pa 35,000. Chevrolet Equinox EV nayo ili cha pomwepo, ndipo imapitirira makilomita 500. Zonsezi mungakazione lero, kuziyendetsa, n'kufunsa amene ali nazo kuti zikuwasunga bwanji nyengo yozizira.

Kwa ine, nkhani yaikulu ndi ya kutchaja. Ioniq 5 ili ndi batire la mavoti 800, ndipo pa tchaja yamphamvu imachoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'mphindi pafupifupi 20. Rivian ikulonjeza mphindi zosakwana 30. Pa ulendo wautali muli ndi ana m'galimoto, mphindi zimenezo mumazimva ndithu, pomwe masekondi atatu aja mudzawayesa kangapo basi kuonetsa anzanu.

Musandimve molakwa, R2 ndimaikonda. Ndi yokwera kuchokera pansi, yoyenera misewu yafumbi, mipando yakumbuyo imagona moti munthu atha kugonamo, galasi lakumbuyo limatsika, ndipo idzatha kutchajira pa ma Supercharger, malo otchajira mwachangu a Tesla. Model Y siingakupatseni zonsezi.

Amene mwalipira kale madola 100 osungitsira malo, palibe vuto, ndalamazo amabweza. Koma galimoto imene muli nayo musaigulitse mpaka mutadziwa mtengo wa R2 ya batire lalikulu, chifukwa imeneyo ndi imene ambiri a inu mukuifuna.